Madzi Saiwala Khwawa

Akuluakulu akamati madzi saiwala khwawa, kawirikawiri amakhala akunena munthu: mbala yomwe yabwerera ku ntchito yake yakale, kapena mwana yemwe anatchona ku Lusaka n'kudzatulukira pakhomo tsiku lina atanyamula kachikwama. Koma amene anayamba kuunena mwambiwu anali ataonerera madzi enieni. Anaona kuti mtsinje ukauma mu Okutobala, anthu n'kulima dimba pamchenga pake, mvula ya Januwale ikagwa madzi amadzera pomwepo osafunsa kuti chimangacho ndi cha yani. Wokumba damu la nsomba ku Chikomeni ayenera kuumva mwambiwu momwe uliri, chifukwa ntchito yake yonse ndi yokakamiza madzi kuti aime pamalo pomwe anazolowera kudutsa.

Dera la Mfumu Chikomeni lili m'mphepete mwa nkhalango ya nyama ya Lukusuzi. Kuyambira mu 2018 lili pansi pa boma la Lumezi, komabe ambiri tikafunsidwa kwathu timayankha kuti ku Lundazi. Kuno kulibe nyanja. Mitsinje yathu imathamangira kumadzulo kukathira mu Luangwa, ndipo mvula ikangokata yambiri imasanduka mchenga. Nsomba zomwe tinazolowera ndi zouma, kapenta ndi usipa zobwera m'matumba kuchokera kutali, zomwe timagula pa kambale. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti nsomba ziswane, ndiye kuti miyezi yomwe nkhokwe zapepuka ndi yomwenso nsomba imasowa pamsika. Munthu wokhala ndi damu lake la chilunguni kudambo amakhala ndi ndiwo ndi kandalama ka ana asukulu pa nthawi yomwe anzake akungoyang'ana kumwamba. Chipitireni chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, n'kovuta kuseka mnzako yemwe akukumba posungira madzi.

Tsono khoma la damu likayamba kuchucha, silichuchira paliponse. Lili ngati malaya, omwe amang'ambikira pamsoko nsalu ikadali yolimba. Misoko ya khoma la dothi ndi yambiri, ndipo yonse ndi yobisika. Wina uli pansi penipeni, pomwe dothi lothira lakumana ndi nthaka yomwe inalipo kale. Ngati okumba sanapale udzu ndi dothi lakuda lapamwamba lodzaza ndi mizu, udzuwo umaolera pansi pa khoma n'kusiya mpata wopyapyala kuchokera mkati mpaka kunja. Wina uli m'mbali mwa paipi yotulutsira madzi, pakuti pulasitiki ndi yoterera, dongo siliigwira, ndipo kunsi kwa paipi n'kovuta kutsindirako. Wina uli pomwe ntchito ya Lachiwiri inalekezera n'kuyambira ya Loweruka, dothi loyamba litauma kale gwa, latsopano n'kungolisanjika pamwamba osanyowetsa kapena kukanda ndi khasu. Palinso chitsa chomwe anthu anachita nacho ulesi kuzula, n'kuchikwirira. Pakapita zaka muzu wake umaola, ndipo pomwe panali muzu pamatsala una wautali. Nkhanu, mbewa ndi chiswe zimabwera pambuyo kudzakulitsa zomwe anthu anayamba.

Pali msoko umodzi womwe mwambi uja ukuunena mosapsatira. Madamu ambiri amakumbidwa pomwe pankadutsa kamtsinje kapena pomwe pali kasupe, popeza ndi pomwe pali madzi. Pansi pa khwawa lakalelo pamakhala mchenga ndi timiyala tomwe madzi akhala akusiya kuyambira kale makolo athu asanafike. Mukamanga khoma pamwamba pa mchengawo osaudula, mwatseka njira ya pamwamba yokha, ya pansi ili chitsegukire. N'chifukwa chake alangizi a za nsomba amaumirira kuti musanayambe khoma mukumbe ngalande motsata pomwe lidzadutse, mpaka mutafika pa dongo lolimba, kenako muidzaze ndi dongo lonyowa: kuthira pang'ono, kutsindira, kuthiranso, osapitirira masentimita 15 kapena 20 nthawi imodzi. Ntchito imeneyi imathyola msana ndipo ikatha sioneka. Mlendo wodzaona damu amayamikira kapinga wobiriwira pakhoma ndi madzi odzaza tho, koma ngalande ija palibe amene amaijambula chithunzi. Ndiyo ntchito yomwe imadumphidwa anthu akatopa, makamaka aganyu akamalipidwa potengera kutalika kwa khoma lomwe launjikidwa. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Madzi sakankha mofanana paliponse. Malita 1,000 amalemera tani imodzi, ndipo mphamvu yomwe madzi amakankhira imakula malinga ndi kuya kwake. Pansi pa madzi akuya mita imodzi, malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amakhala atasenza tani yathunthu, usana ndi usiku. Kutambalala kwa damu sikusintha zimenezi: kadamu ka mamita 10 ndi damu la mamita 100 amakankha gawo lililonse la khoma mofanana ngati kuya kwawo n'kumodzi. Choncho msoko wa pansi, womwe ndi wovuta kuufikira ndi khasu, ndi womwenso wasenza katundu wamkulu.

Ndinaonapo mayi wina wachikulire wa m'gulu la alimi a nsomba akuphunzitsa anyamata chinthu chomwe ndimalakalaka mwini damu aliyense atachidziwa. Unali mwezi wa Sepitembala. Kunsi kwa khoma, mbali ya kunja, kunali kamalo konyowa kokwana kupondapo mapazi awiri, udzu wake wobiriwira kuposa wina wonse. Mnyamata wina anati limenelo ndi thukuta chabe la khoma, damu lililonse limatero. Mayiwo sanatsutse. Anatenga kapu yoyera ya pulasitiki nati, "Tatunga apo pakutuluka madzipo, mwanangu, koma usavundule. Uike pamwala apa." Anapitiriza kucheza zina. Patapita kanthawi anataya madziwo mosamala n'kupendeketsa kapu kuti onse aone. Pansi pake panali katope kofiirira. Anakatapa ndi chala n'kukatikita.

"Ili ndi dothi la khoma lathu. Likutuluka."

"Ndiye tithirepo lina titsindire, amayi?"

"Iyayi mwanangu. Pita ukatsegule paipi."

Mnyamatayo sananame kwenikweni. Khoma lililonse la dothi limalola timadzi kudutsa, ndipo ngati totulukato tili mbee, osachuluka tsiku ndi tsiku, munthu akhoza kukhala nato zaka bola akutiyang'anira. Madzi a matope ndi nkhani ina. Amenewo akunyamula dothi kuchokera m'mimba mwa khoma. Kanjere kalikonse kakachoka njira imakula, njira ikakula madzi amathamanga, akathamanga amanyamula zochuluka. Una umayambira kunja n'kumadya chobwerera m'mbuyo kulowera kudamu. Tsiku lomwe ufika kumadzi, ntchito yomwe inatenga miyezi imatha m'maola ochepa.

Munthu akaona ponyowa, manja amathamangira kutseka pomwe maso akuona. Koma dothi lothira kunja limangobisa chizindikiro. Madzi amatsekeredwa mkati mwa khoma, amalikhutitsa lonse, kenako amakatulukira pena khoma litafewa kale. Ndipo musaganize kuti amatero ndi anthu akumudzi okha. Pa 5 Juni 1976, ku Idaho m'dziko la America, damu latsopano la Teton linali kudzazidwa koyamba. Khoma lake linali la dothi, lotalika mamita oposa 90, lomangidwa ndi mainjiniya a boma. M'mawa ogwira ntchito anaona madzi a matope akutuluka chakumbali, kufupi ndi pomwe khoma linakumana ndi thanthwe la phiri, thanthwe lomwe linali ndi ming'alu yambiri. Anatumiza makatapila kuti akankhire miyala m'dzenjemo. Dzenje linameza makatapila awiri, oyendetsa ake n'kupulumuka pokokedwa ndi zingwe. Isanakwane 12 koloko masana khoma linagumuka, ndipo anthu 11 anafa.

Kutali ndi madambo athu, m'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town, kuli anthu oweta nsomba za m'nyanja ya mchere m'nyumba zawo, m'mathanki a galasi, zongoonerera osati zandiwo. Thanki yotere ndi magalasi asanu omatidwa ndi silikoni, ndipo chomwe chagwira madzi onsewo ndi kamzere kopyapyala ka silikoni pakati pa galasi ndi linzake. M'madzimo amasungunuliramo mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, choncho msoko ukayamba kukha, madzi amauma n'kusiya mchere woyera pakona. Tithovu m'kati mwa silikoni, kapena pomwe wayererako chifukwa wasiyana ndi galasi, ndi chizindikiro china. Nthawi zambiri gwero lake ndi tebulo lopendekeka, lomwe lakhala likupotokola thanki pang'onopang'ono. Mwini wake amakumana ndi yesero lomwe lija la mnyamata wakudambo, kugula chubu cha silikoni n'kupaka kunja. Koma silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale wouma. Odziwa amachita chinthu chowawa. Amasamutsira nsomba m'migolo pamodzi ndi madzi ake omwewo, kuikamo pampu ya mpweya ndi chotenthetsera madzi, kukhuthula thanki, kupala silikoni yense wakale ndi lezala mpaka galasi litayera, kumata mwatsopano, kudikira masiku angapo kuti aume, kenako kuyesa thankiyo ndi madzi wamba panja asanabwezeremo nsomba. Nsomba zina zimafera pa msamukowo. Koma thanki ya malita 400 ikaphulika usiku pabalaza zimafa zonse, ndipo madzi amchere akakumana ndi mawaya a magetsi ngozi imafikira ndi anthu omwe.

Ku Berlin, m'chipinda cholandirira alendo cha hotela ina, munali thanki yozungulira yotchedwa AquaDom, yotalika mamita 16, yokhala ndi malita 1 miliyoni a madzi amchere ndi nsomba pafupifupi 1,500. Inaphulika m'mamawa pa 16 Disembala 2022, madzi n'kuthyola zitseko kukafika mumsewu. Anthu awiri anavulala, nsomba pafupifupi zonse za m'thankimo zinafa. Katswiri yemwe anafufuza zidutswa zake zoposa 700 anatchula zinthu zitatu zomwe zikanachititsa ngoziyo: kulephera kwa msoko womata, kuonongeka kwa khoma lake pa nthawi yomwe ankaikonzanso, kapena kuti inakhalitsa youma isanadzazidwenso madzi. Sanathe kutsimikiza chimodzi. Ziwiri mwa zitatuzo zikukhudza ntchito yokonza, ndipo zimenezi zimandiletsa kuuza mlimi mopepuka kuti angophwetsa damu lake.

Kuphwetsa kuli ndi mtengo wake. Ku Chikomeni, mukakhuthula damu mu Sepitembala kasupe atafooka, mwina simudzalionanso lodzaza mpaka Disembala kapena Januwale. Dongo likakhala padzuwa la Okutobala limang'aluka, ndipo ming'aluyo ndi makwawa atsopano omwe madzi adzawaphunzire. Nsomba zomwe mwakhala mukuzidyetsa gaga muyenera kuzigulitsa zisanakule, pamtengo wolira, miyezi ingapo isanafike nthawi yomwe zikanadula. Mukati mudikire, mvula yoyamba yamphamvu idzapeza khoma lili ndi una m'mimba. Kulikonse komwe mungalowere mutayapo kanthu. Ine ndili mbali ya mayi uja. Yambani kutsitsa madzi lero lomwe, koma pang'onopang'ono, chifukwa kutsitsa mothamanga kumagwetsa mbali ya mkati ya khoma yomwe yakhuta madzi. Tsitsani mpaka kuchucha kutaleka. Pomwe madzi afika kuchucha n'kuleka, pakamwa pa una pali chapomwepo, ndipo muzikepo kamtengo. Nthawi zina una umakhala chakumwamba, ndipo nsomba zikhoza kutsala m'madzi otsalawo, bola muchotsemo zikuluzikulu, muchepetse gaga, muleke kuthira manyowa, pakuti madzi ochepa amatentha msanga ndipo mpweya umathamo m'bandakucha. Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba dzuwa lisanatuluke, zachuluka. Una ukakhala pansi palibenso kuchitira mwina, khoka lilowe.

Kenako khoma limang'ambidwa. Mumakumba motsata unawo mpaka komwe wathera, osati kungofukula pakamwa pokha. Mpatawo ukhale wotambalala m'mwamba, ndipo m'mbali mwake museme masitepe kuti dothi latsopano likalowerane ndi lakale. Chomwe chinayambitsa mudzachipeza ndithu: muzu wosanduka ufa wakuda, mchenga wa khwawa lakale, tinjira ta chiswe, kapena mpata wosalala kunsi kwa paipi momwe dzanja limalowa mpaka m'chigongono. Dongo lobwezera liyesedwe m'manja. Liumbeni mpira, muuponye m'mwamba, muuwakhe. Ukapanda kusweka lili bwino. Likamayoyoka lili ndi mchenga wambiri kapena lauma, likamatuluka m'mipata ya zala lanyowetsa. Khoma lakale mulinyowetse ndi kulikanda. Thirani pang'ono, sinjani ndi misi kapena chipika mpaka chidendene chisamalowe, thiraninso. Paipi muiveke kolala ya simenti pakati pa khoma, kuti madzi otsata paipiyo akagunde pamenepo. Pamwamba bzalani kapinga. Bulugamu, mango ndi mitengo ina ikhale kutali, ndipo ng'ombe zisapange njira yawo pakhoma popita kukamwa.

Palinso phunziro lina m'mwambi uja lomwe omanga abwino amalitsata. Ngati madzi saiwala khwawa, musawalande njira zonse, apatseni ina. Kamtsinje kazidutsa pambali m'ngalande yake, damu lizingopatsidwako madzi omwe likufuna. Pakhale potayira madzi osefukira, pokumbidwa m'nthaka yolimba yomwe inalipo kale osati pa dothi lothira, ndipo khoma litalike kuposa madzi ndi masentimita 30 kapena kupitirira apo. Madamu akuluakulu omwetsera ziweto, omwe ali mbwee m'chigawo chino cha Kum'mawa, amakalamba mwa njira yomweyi. Potayira madzi pamakokoloka kapena pamatsekeka ndi tchire, mitengo imamera pakhoma mpaka kukula yochitira mthunzi, ndipo aliyense amati mwini wake ndi boma. Mtengo wotere ukauma kapena ukadulidwa, mizu yake imaolera m'khoma momwemo.

Zonsezi n'zosavuta kumva, ndipo ambiri amazidziwa. Chomwe chimachedwetsa gulu ndi china. Damu la gulu limakumbidwa mogawana, banja ili kuyambira pachikhomo ichi kufika apo, banja lija kupitiriza. Kung'amba khoma ndi kuulula yemwe anakwirira chitsa, ndi yemwe anathira mawilibala asanu nthawi imodzi n'kungopondapo kawiri chifukwa dzuwa linali litapendeka. Pamudzi pomwe wokwirira chitsayo ndi mlamu wako kapena mwana wa anduna, n'kosavuta kuti nonse mugwirizane zoti ndi thukuta chabe la khoma. Anthu amasankha kusunga chibale n'kuika damu pachiswe. Ndimawamvetsa, pakuti damu likagumuka mudzakumba lina, pamene mlamu mudzakhala naye pa maliro ndi pa ukwati uliwonse. Koma kumunsi kwa damu kumakhala dimba la munthu wina, tomato ndi repu wake, nthawi zina chitsime chomwe ana amatungako. Ameneyo sanakhale nawo pomwe inu munkagwirizana zokhala chete. Anthu a m'mbali mwa Mwambashi ndi Kafue anazionera pa 18 Febuluwale 2025, pamene khoma la damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka n'kutaya malita osachepera 50 miliyoni a madzi a asidi. Nsomba zinayandama zakufa, mbewu zinapsa m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Kadamu ka kudambo n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi limenelo, komabe woyamba kulira ndi yemweyo, wa kumunsi.

Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo gulu la alimi a nsomba nalo lipangane damu lisanadzazidwe. Pakhale woyendera khoma m'mawa uliwonse, mosinthana, kapu yoyera ili m'manja, ndipo akhale ndi mphamvu yotsegula paipi osadikira msonkhano kapena wapampando yemwe wapita ku Boma. Pangano lovuta ndi la kugawana zotayika. Zikapezeka kuti msoko wachucha pagawo la banja lakutilakuti, ntchito yokonza ndi ndalama yotayika pa nsomba zogulitsidwa msanga zigwere onse mofanana, ndipo zilembedwe choncho m'buku la gulu. Ena adzati kutero n'kulekerera aulesi. Wokwirira chitsa adzudzulidwe ndithu, pamaso pa anzake, khoma litakonzedwa. Koma mukamulipiritsa nsomba zonse yekha, chaka chamawa iyeyo kapena m'bale wake akadzaona ponyowa kunsi kwa gawo lake, adzathirapo dothi usiku n'kupondaponda, ndipo gulu lidzamva za unawo madzi ali kale m'dimba la eni ake.